Mpando Wodulidwa Miyendo

Adokotala sanachulutse gaga m'diwa. Anangoti, "Ntchito mutha kuyamba pang'onopang'ono, koma manja asakwere kupitirira mapewa. Mukachita makani, chilonda chitseguka ndipo tidzayambiranso poyamba."

Ndinaseka, ngakhale sizinali zoseketsa. Kuuza woluka tsitsi kuti asakweze manja kuli ngati kuuza wopalasa njinga kuti asapinde mawondo. Ntchito yanga ndi yomweyo: kasitomala amakhala pampando wautali, ine ndimaima kumbuyo kwake, zigongono m'mwamba kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Kusaluni amanditcha Manja Ofewa, chifukwa ndikamaluka ngakhale mwana wamantha amawodzera.

Khansa inanditengera bere lakumanzere. Ndimanena mosabisa chifukwa ndinatopa ndi anthu onong'onezana ndikadutsa. Madokotala atalichotsa, anayamba ntchito yondiumbira lina. Pansi pa khungu anaikapo kathumba, ndipo ndikapita kuchipatala amakathira madzi pang'ono kuti khungu lizitambasuka, malo a bere latsopano apezeke. Tsiku lothira madzi pachifuwa pamathina ngati ndavala bulauzi ya mwana wasukulu.

M'zonsezi sindinali ndekha. Panali bambo wina wowotcherera zitsulo, amene ine ndimamutcha Amisiri. Anabwera kusaluni kwathu kudzakonza chitseko chaka chatha, ndipo chitseko chimodzicho anachikonza maulendo osawerengeka mpaka ndinamvetsa kuti vuto silinali pachitseko. Nditadwala sanathawe. Amene sanagwirizane nazo anali akwawo, makamaka alongo ake aakulu, amene mawu awo ndi omwe mayi awo amamvera. Iwo anali atanena kale kuti mchimwene wawo akufuna mkazi womusamala, osati wodwala woti azimuyendetsa kuchipatala.

Ndiye tangoganizani mmene mtima wanga unadumphira nditalandira uthenga wochokera kwa alongo akewo.

"Ndamva kuti mukuyambanso ntchito. Ndibwera Loweruka mudzandiluke. Ndikufuna tizingwe ting'onoting'ono, tofika m'chiuno."

Tizingwe totero timadya tsiku lathunthu, ngakhale kwa munthu wamphamvu zake. Ndinadziwa kuti sakufuna tsitsi, akufuna kundiyeza. Munthu wanzeru akanapempha tsiku lina. Ine ndinayankha kuti, "Bwerani, achemwali, ndikudikirani."

*

Lachinayi ndinapita kusaluni kukakonza malo anga. Nditangolowa ndinaima chilili. Galasi langa linalipo, zipeso zinalipo m'chitini chake, koma pamene pamakhala mpando wanga panali pansi pokhapokha, timabala tinayi ta miyendo yake tikuoneka pasimenti.

Pakona panali mtsikana wokonza zikhadabo, amene tonse timangomutcha Wazikhadabo. Ameneyu kuyambira kale maso ake anali pa Amisiri, ndipo ine ndili m'chipatala geti la kwawo kwa mtsikanayu linayamba kuthyoka sabata iliyonse, Amisiri n'kumaitanidwa kukakonza.

"Ii, achemwali, mwabwera?" anatero akuuzira zala za kasitomala wake. "Mukufuna mpando? Anautenga dzulo."

"Anautenga ndani?"

"Abwenzi anu omwewo. Anabwera, nalankhula ndi Madamu mu ofesi muja, chitseko chotseka. Potuluka ananyamula mpandowo. Ndinawathandiza kuukweza pagalimoto, ndipo anandiuza kuti ndili ndi mphamvu." Anamwetulira. "Mwina aona kuti ntchitoyi simuikwanitsanso. Pajatu Madamu ali ndi mdzukulu wawo amene wangomaliza maphunziro oluka. Musadandaule, munthu wodwala amafunika kupuma."

Madamu, eni saluniyo, anali atapita kukagula katundu ndipo foni yawo inali yozima. Ndinatuluka panja n'kuimbira Amisiri. Sanayankhe. Ndinalemba uthenga: "Mpando wanga uli kuti?" Zii. Ndinalembanso: "Ngati mwagwirizana zondichotsa ntchito, bwanji osandiuza pamaso?" Zii.

Ndinapsa mtima, komanso ndinachita mantha. Mpando umenewo ndinaugula ndekha nditangoyamba ntchito, ndipo masiku onse amene ndinagona m'chipatala ndinkadzilimbitsa mtima poganiza kuti ukundidikira. Bere linapita, tsitsi langa linathothoka n'kumeranso, koma mpando ndinkati sudzandisiya. Tsopano munthu amene ndinkamukhulupirira anaunyamula mothandizana ndi Wazikhadabo, pamwamba pa anthu onse.

*

Shopu ya Amisiri ili kuseri kwa malo ogulitsira matayala, ndipo umaimva usanaione. Ndinawapeza atawerama, chigoba chotchinga maso kumaso, moto ukuthetheka. Foni yawo inali pawindo, itakutidwa ndi fumbi la zitsulo.

"Amisiri!"

Anazimitsa makina, nakweza chigobacho. "A Manja! Mwabwera bwanji kuno? Mwakwera minibasi ndi chilonda chimenecho?"

"Musandifunse za chilonda. Mpando wanga uli kuti?"

Anakanda dazi lawo ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'kamwa. "Wakuuzani ndani? Ndimafuna muuone mawa, utauma penti."

Anapita pakona n'kuvundukula chinsalu. Mpando wanga unali pomwepo, koma ndinatenga kanthawi kuti ndiuzindikire. Miyendo yake inali itadulidwa pakati, kunsi kwake atawotcherera tizitsulo tatikulu kuti usagwedere. Unali wofupika ngati wa ana a mkaka. Pambali pake panali kachitsulo koima, kofika m'chiuno mwanga, kokhala ndi timinga tokolekapo meshi.

"Mwaupha mpando wanga," ndinatero.

"Ndaufupikitsa chabe. Ndinalipo pamene adokotala ankanena za mapewa, kapena mwaiwala? Inu munkaseka, ine ndinkayeza m'mutu. Ngati manja sangakwere kukapeza mutu wa kasitomala, mutuwo utsike udzapeze manja." Anakhala pampandopo, mawondo ali kuchibwano. "Taimani kumbuyoku. Ndilukeni."

"Ndiluke chiyani? Pamutu panu palibe ngakhale choti nsabwe igwirepo."

"Ingoyerekezani."

Ndinaima kumbuyo kwawo n'kuika zala padazi lawo lotentha. Zigongono zanga zinali m'mbali mwa nthiti, mapewa ali pansi. Ndinayendetsa zala ngati ndikuluka, kuyambira pamphumi mpaka pankhongo, ndikudikira kuti pachifuwa pakoke. Sipanakoke. Ndinayesanso mofulumira, koma panalibe ululu uliwonse.

Mtima unakhala pansi mwadzidzidzi moti misozi inangotsika yokha, n'kugwera padazi lomwelo.

"Kodi mvula yayamba?" anafunsa osatembenuka.

"Khalani chete. Ndimaganiza kuti mwagwirizana ndi Madamu kuti mdzukulu wawo atenge malo anga."

"Madamu ndinangowapempha chilolezo chotulutsa mpando. Anati malo anu sawagwira munthu. Zinazo wakuuzani ndi Wazikhadabo, eti?"

"Akuti munamuuza kuti ali ndi mphamvu."

"Ndinatero, chifukwa anaponda phazi langa." Anatembenuka n'kundigwira dzanja. "A Manja, za Loweruka ndamva. Alongo anga ndimawadziwa, tinayamwa bere limodzi." Anaima kaye, nkhope itagwa, poona mawu amene atuluka.

"Pitirizani," ndinatero ndikuseka. "Mawu amenewo sandiluma."

"Ndimati, muwauze abwere mwezi wamawa. Mpandowu ndi wa tsitsi la ola limodzi, osati la tsiku lonse."

"Ndikawabweza, akauza amayi anu kuti anaona okha kuti ndine wodwala."

"Nanga chilonda chikatseguka, akawauza chiyani?"

Ndinangowalonjeza kuti pakakoka ndisiya, ndipo iwo anandiyang'ana ngati munthu wodziwa kuti malonjezo anga pa nkhani ya ntchito sachedwa kusungunuka.

*

Loweruka alongo awo anafika saluni ikungotsegulidwa. Ndi mayi wamtali, wojintcha, woyenda ngati msewu wonse ndi wake. Anandipatsa moni ndi nsonga za zala, maso awo natera pachifuwa panga asanafike pankhope. Kenako anaona mpando.

"Ndikhale apa?"

"Pomwepo, achemwali."

"Ndi wa ana uwu."

"Ndi wa makasitomala anga onse masiku ano. Anaukonza ndi achimwene anu."

Anatsika pang'onopang'ono, chikwama atachikumbatira, mpaka anafika. Mawondo anakwera, siketi anaikoka, ulemerero wonse unathera panjira. Wazikhadabo anatsokomola pofuna kubisa phwete.

Ndinayamba. Zala sizinaiwale kanthu, ndipo fungo la mafuta a tsitsi linandikumbutsa kuti ndine ndani. Mizere yoyamba ya kunkhongo inatuluka yowongoka bwino. Alongo awo ankangondiyang'ana pagalasi ngati woyang'anira mayeso.

"Koma mayi, mwalimba mtima," anayamba Wazikhadabo, ngati akulankhula ndi botolo la penti. "Ena amaopa kulukidwa ndi munthu amene wangotuluka m'chipatala. Akakomoka mutu uli pakati, mupita kwanu bwanji?"

"Mwana iwe," anatero alongo awo osatembenuza khosi, "ndikafuna zikhadabo ndikuitana."

Dzuwa litafika pamutu ndinali nditamaliza mbali imodzi. Apa m'pamene ndinamva kukoka. Kunayambira m'khwapa, n'kuyenda pansi pa bandeji ngati ulusi ukukokedwa ndi munthu. Ndinaluka chingwe china, kukoka kunakula. Thukuta linayamba kutsika m'msana.

Ndinayang'ana pagalasi. Mutu wa alongo awo unali theka: kumanja tizingwe tokongola, kumanzere tsitsi lili nyankhalala. Ndikanatha kuluma mano n'kupitiriza, ndipo madzulo akanapita kwawo akunena kuti mtsikanayo ndi wamphamvu. Koma ndinakumbukira bedi la kuchipatala, timachubu totuluka m'nthiti, ndi mawu aja akuti tidzayambiranso poyamba. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinaika chipeso pansi.

"Achemwali, ndalekeza pomwepa lero."

"Mwati bwanji?"

"Pachifuwa payamba kukoka. Adokotala anati pakatero ndisiye. Ndikapitiriza ndiwononga ntchito imene akhala akuigwira miyezi yonseyi. Mbali yatsalayi ndidzamaliza mawa, mukalola. Mukakana, Madamu akupezerani wina amalize, ndipo sindidandaula."

Wazikhadabo anali atatsegula kale pakamwa, koma alongo awo anamuyang'ana kamodzi kokha ndipo anatseka.

"Khalani pansi," anandiuza. Ndinakhala pabenchi, ndipo kwa nthawi yoyamba maso athu anali pamzere umodzi. "Adokotala anakuletsani kukweza manja?"

"Eya."

"Ndiye mpandowu ndi wa chimenecho." Anausisita m'mbali. "Nanga munavomereranji tizingwe timeneti? Ndinasankha dala tovuta. Mumadziwa?"

"Ndimadziwa."

"Ndiye ndinu wamakani."

"Ndimafuna muone kuti sindine katundu woti achimwene anu asenze."

Anayang'ana theka la mutu wawo pagalasi. Polankhulanso mawu awo anali atatsika.

"Mwana uja ndinamulera ndine, amayi ali kuntchito. Akakonda chinthu amakonda ndi mtima wonse, sasiyako wina wa mawa. Nditamva za matenda anu sindinaganize za bere ayi, ndisakunamizeni. Ndinaganiza za maliro. Ndinati mchimwene wanga adzalira, ndipo sadzadzukanso. Ndiuzeni zoona, inu ndi ine: matendawa atha?"

"Pondiyeza komaliza sanapeze kanthu. Ndizipitabe kukayezedwa, ndipo mankhwala ndikumwa. Kulonjeza kuti sadzabweranso sindingathe, achemwali, chifukwa ngakhale adokotala sanandilonjeze. Chimene ndingalonjeze n'chakuti ndizidzisamala, ngakhale zitatanthauza kusiya mutu wa mlendo wolemekezeka uli theka."

Kenako anaseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba, mpaka kampando kanalira.

"Mlendo wolemekezeka ali ngati nkhuku yonyowa mbali imodzi! Tandipatsani mpango uwo." Anaumanga kumutu mwaluso, nabisa zonse. Poimirira zinavuta, ndipo nditatambasula dzanja kuti ndiwathandize analimenya pang'ono. "Manja pansi, inu! Mwana wa zikhadabo, bwera udzandidzutse, paja akuti uli ndi mphamvu."

Mawa lake anabweradi. Anakhala pakampando paja popanda kudandaula, meshi akugawa okha n'kumandipatsira m'manja kuti ndisatambasuke. Ola likatha ankati, "Pumani," ndipo ndinkapuma. Titamaliza anazungulira pagalasi, tizingwe tikumenya m'chiuno, n'kunena kuti, "Mlamu, manja anuwa ndi ofewadi."

Mawu akuti mlamuwo ndinapita nawo kunyumba ngati mphatso, ndipo ndinagona tulo tabwino kuposa masiku onse chichokereni m'chipatala.

*

Sabata yotsatira Amisiri anandiperekeza kuchipatala. Anesi anamasula bandeji, nayang'ana, nadina apa ndi apo.

"Chilonda chauma bwino. Mwayamba ntchito?"

"Ndayamba."

"Ndiye mukumvera malangizo, chifukwa ambiri akayamba ntchito amabwera kuno atatupa."

Adokotala atabwera anati khungu latambasuka mokwanira, kuthira madzi kwatha. Chatsala ndi opareshoni yomaliza, yochotsa kathumba kaja n'kuikapo bere lokhalitsa. Anandipatsa Lachitatu lomaliza la mwezi wamawa, nandichenjeza kuti ndikaliphonya, mzere ndi wautali ndipo ndidzadikira mpaka chaka chamawa.

"Ndipo mukatuluka," anawonjezera, "palibe chipeso, palibe meshi, palibe mpando wautali kapena waufupi, mpaka nditakulolani ine."

Ndinatuluka ndikumva kupepuka ngati ndatula mtolo wa nkhuni. Amisiri anali pabenchi panja, chipewa chili m'manja, akuchipotokola.

"Zili bwanji?"

"Yatsala imodzi, basi. Kenako ndamaliza."

Anapuma mpweya wautali, naweramitsa mutu. Atadzuka maso anali ofiira. "Fumbi la zitsulo," anatero.

"Kuchipatala kuno?"

"Limanditsatira."

Tinayenda pang'onopang'ono kulowera kugeti, iwo ali mbali ya kumanzere kwanga kuti wina asandigunde. Anandiuza kuti Wazikhadabo anawatumizira uthenga woti geti lathyokanso, ndipo anamuyankha kuti agule loko. Tinali tikuseka zimenezo pamene foni yawo inalira. Anayang'ana, nkhope inasintha.

"Ndi amayi." Anamvetsera pang'ono, kenako anandipatsira foniyo, maso ali tong'o. "Akufuna inu."

Mayi amenewa anali asanandilankhulepo chiyambire. Ndinapukuta dzanja pasiketi ndisanailandire.

"Muli bwanji, amayi?"

"Ndili bwino, mwana wanga, kaya iwe?" Mawu awo anali okoma, a munthu wosangalala. "Ndaona mutu wa mlamu wako. Aliyense kutchalitchi amafunsa kuti waluka ndani, ine n'kumati ndi mpongozi wanga. Wandiuzanso kuti ndiwe mwana wolankhula zoona. Ine ndinali ndi maganizo ena, koma ndawasiya."

Ndinagwira mkono wa Amisiri. "Zikomo kwambiri, amayi."

"Tsono tamvera. Mwana wanga wotsiriza akukwatiwa, wamva kale. Tinali titapangana ndi saluni ina, koma ndawauza kuti asiye. Banja lili ndi woluka wake, tikapitirenji kwa alendo? Mkwatibwi, operekeza ake onse, ndi ine ndemwe, utiluke ndiwe. Ndauza kale azakhali ake ndi akuchimuna omwe, ndipo onse akufuna adzakuone. Kumeneko n'kumene udzalowere m'banja mwathu."

"Ukwatiwo ndi wa liti, amayi?"

"Loweruka lomaliza la mwezi wamawa. Udzabwere Lachinayi, uyambe ndi operekeza."

Lachinayi limenelo ndidzakhala ndili pabedi la kuchipatala, bandeji yatsopano pachifuwa. Ndinayang'ana Amisiri, amene anali atamva zonse ndipo ankapukusa mutu kuti ndikane. Kukana ndinali nditaphunzira, inde, koma ndinakanira mlamu pa mutu umodzi. Awa anali amayi, atalengeza kale kwa abale onse, ndipo anali atangonditcha mwana wawo.

"Halo?" anatero amayi. "Mwana wanga, ukundimva? Ndiwauze kuti wavomera?"